Kuchipatala achepetsa mankhwala a mayi anga, kodi awataya chifukwa akalamba?

Funso: Adokotala ndithandizeni. Mayi anga ali ndi zaka 74, ali ndi shuga, BP, komanso akhala akumwa ma ARV kuyambira 2008. Mwezi watha atawapima magazi anawachotsera glibenclamide, metformin yemwe ankamwa mapilitsi awiri mmawa awiri madzulo pano akuti limodzi mmawa limodzi madzulo, ma ARV nawo anasintha, pano ndi mapilitsi awiri osati limodzi lija. Mubuku mwawo alemba creatinine 90 ndipo anesi anati ili bwinobwino. Thupi latsika, ankalemera makilo 60 pano ali 48. A BP akumwabe HCTZ ndi enalapril, ndipo maondo akavuta timawagulira brufen kapena indocid pa golosale. Amalume akuti achipatala akusunga mankhwala kapena angowataya poti ndi okalamba, akufuna akagule ku famase tiwabwezere pa dozi yakale. Titani? Ndine mwana wawo wamkazi, ku Ntcheu.

Yankho: Achemwali, choyamba chenicheni, amalume asagule kaye mankhwala amenewo. Ndayamba ndi zimenezi dala kuti olo mulekeze pomwepa kuwerenga mukhale mutamva kuti kuwabwezera mayi pa dozi yakale ija kukhoza kuwagwetsa, makamaka glibenclamide ameneyo. Amalume sindikuwadzudzula ayi, iwo ndi mwinimbumba, mlongo wawo akudwala nde akuona ngati akumanidwa, komanso tisanamizane mankhwala amasowadi mzipatala zathu ndipo anthu amauzidwa kuti akagule okha, choncho kukayikira sikolakwika. Koma zomwe mwalembazi ndikaziyika pamodzi, zaka, sikelo, creatinine ndi mitundu ya mankhwala omwe akhudzidwa, ine ndikuona kuti amene anawaona mayi tsiku limenelo anakhala pansi nkuwerengera bwinobwino.

Tiyambe ndi ndowa. Tengani ndowa yoti ili ndi kabowo pansi, mmawa uliwonse mukuthiramo kapu imodzi ya madzi, pofika mawa lake madzi aja atuluka onse mukuthiranso ina. Tsiku lina kabowo kaja katsekeka theka ndi dothi koma inu mukuthirabe kapu yomweyo pa nthawi yomweyo. Madzi adzulo sanathe, mwawonjezera alero, mawa enanso, pakutha sabata ndowa yasefukira chonsecho simunathirepo makapu awiri tsiku ndi limodzi lomwe. Mankhwala mthupi amayenda choncho. Pilitsi likalowa liyenera kutulukanso, ndipo zitseko zake zikuluzikulu ndi ziwiri, impso zomwe zimasefa magazi nkutaya zotsalira mu mkodzo, ndi chiwindi chomwe chimaphwanya mankhwala. Impso za anthu ambiri zimayamba kutsika mphamvu pang'onopang'ono akapitirira zaka za mma 40 olo asadwale kalikonse, nde mukawonjezerapo shuga ndi BP, matenda awiri amene amadya impso mwakachetechete, mayi wa zaka 74 sangakhale ndi sefa ya momwe analili akuyamba ma ARV mu 2008. Dozi yomwe inali yoyenera zaka 10 zapitazo lero ikhoza kukhala yopyola muyeso, pilitsi lomwelo, munthu yemweyo.

Tsopano pa creatinine 90 paja, apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonekera, ngakhale ife ogwira ntchito mchipatala timapusitsika napo tikamathamanga. Anesi sananame, pa pepala la ku labu 90 imaoneka ngati ili mkati mwa malire. Koma creatinine ndi zinyalala zochokera mminofu, munthu wa minofu yambiri amapanga zambiri, agogo owonda amapanga zochepa kwambiri. Nde ngati agogo owonda ali ndi 90, ndiye kuti zochepa zomwe akupangazo zikukanika kutuluka. Pali kawerengedwe kena komwe madokotala awiri aku Canada, Cockcroft ndi Gault, anatulutsa mu 1976 ndipo mpaka lero tikugwiritsabe ntchito posankha dozi. Mumatenga 140 kuchotsapo zaka, kuchulukitsa ndi makilo, kuchulukitsanso ndi 1.04 akakhala mayi kapena 1.23 akakhala bambo, kenako kugawa ndi creatinine. Tiyeni tiwerengere limodzi za mayi: 140 kuchotsa 74 ndi 66, kuchulukitsa ndi 48 ndi 3168, kuchulukitsa ndi 1.04 kenako kugawa ndi 90, tikupeza pafupifupi 37. Mnyamata wa zaka 30 wolemera makilo 75, creatinine yomweyo ya 90, akupeza pafupifupi 113. Mwaona eti? Nambala imodzi papepala koma impso za mayi zikusefa gawo limodzi mwa magawo atatu a zomwe za mnyamata uja zikusefa. Kawerengedweka ndi kongoyerekeza, ndipo ma labu ena amalemba nambala yawo yotchedwa eGFR yomwe kwa munthu wochepa thupi ngati mayi imatuluka yokwererapo chifukwa siyiwerengera kulemera kwake, koma posankha dozi ya munthu wowonda ine ndimadalira yomwe ili ndi sikelo mkati.

Glibenclamide ndiye ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndinaona ndi maso anga. Usiku wina ndili pa ntchito anabwera ndi agogo aamuna atawanyamula pa bulangete, thukuta lili chuchuchu, malaya onse anyowa ngati agwa mmadzi, akuyankhula zosamveka, dzanja limodzi lofooka. Ana awo anali atayamba kale kuyimbira abale kuti bambo achita sitiroko, wina mpaka ankanong'ona zoti alodzedwa. Tinabaya chala, kamakina kanawonetsa shuga wotsika kwambiri, wosafika ndi 40 yomwe. Titawapatsa madzi a shuga mumtsempha sipanathe mphindi 10, agogo aja anatsegula maso nkufunsa kuti njinga yawo ili kuti. Achibale anasangalala akufuna azipita nawo kunyumba usiku womwewo, tinakana, ndipo kusanache shuga anagwanso kachiwiri. Nkhani yake inali yoti agogowo anakhala masiku atatu akutsegula mmimba osadya bwino, koma pilitsi lawo la glibenclamide ankamwa mokhulupirika tsiku lililonse monga anauzidwira. Mankhwala amenewa amakakamiza thupi kutulutsa insulin kaya mwadya kaya simunadye, amakhalitsa mthupi, ndipo impso zikafooka zotsalira zake zimawunjikana nkumagwirabe ntchito. Nchifukwa chake mndandanda wa mankhwala ofunikira wa WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, umanena poyera kuti glibenclamide si woyenera kwa munthu wopitirira zaka 60, mmalo mwake amatchula gliclazide, ndipo glibenclamide ali pa mndandanda wa mankhwala oyenera kupewa kwa okalamba womwe Dr Mark Beers anayambitsa ku America mu 1991. Shuga wokwera pang'ono amawononga pa zaka, shuga wotsika amapha usiku umodzi kapena kumugwetsa munthu nkuthyoka chiuno. Kwa munthu wa msinkhu wa mayi sitithamangitsanso manambala okongola a achinyamata, HbA1c, muyeso woonetsa mmene shuga wakhalira mmagazi pa miyezi itatu yapitayi, ikakhala yozungulira 8 timayilandira.

Mukadzaona mayi akutuluka thukuta lozizira, akunjenjemera, asokonezeka kapena akwiya mosadziwika bwino, ngati akutha kumeza apatseni masipuni ang'onoang'ono atatu a shuga mmadzi kapena theka la kapu ya Fanta, kenako chakudya. Ngati akomoka musawathire kanthu mkamwa, thamangani nawo kuchipatala.

Metformin ndi mankhwala abwino ndipo ndasangalala kuti sanawachotse onse. Vuto lake amatuluka kudzera mu impso osasinthika, nde impso zikatsika amawunjikana, ndipo nthawi zina, si kawirikawiri koma zikachitika ndi zoopsa, amadzaza asidi mmagazi. Malamulo ake ndi osavuta: kusefa kukatsika pansi pa 45 dozi isapyole 1000 mg patsiku, kukatsika pansi pa 30 timasiyiratu. Ngati pilitsi lawo ndi la 500 mg, mayi ankamwa 2000, pano akumwa 1000, ndendende. Palinso chifukwa chachiwiri chomwe ambiri sachidziwa, dolutegravir yemwe ali mma ARV omwe dziko lino linayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019 amakweza mlingo wa metformin mmagazi, choncho kwa munthu yemwe akumwa zonse ziwiri malangizo ndi omwewo a 1000 patsiku.

Za ma ARV, pilitsi limodzi lija ndikukhulupirira linali la gulu lotchedwa 13A, muli tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Tenofovir wathandiza anthu ochuluka zedi koma amalemetsa impso komanso mafupa, ndipo kusefa kukatsika pansi pa 50 timamuchotsa. Pilitsi losakaniza simungalidule kuti muchotsemo mankhwala amodzi, nde njira yake ndi kusintha gulu lonse, kawirikawiri kupita ku 15A momwe abacavir amalowa mmalo mwa tenofovir, ndiye mapilitsi awiri mukuwaonawo. Onani mubuku muone ngati alemba choncho. Mphamvu yake pa kachilombo sinachepe, asadumphitse olo tsiku limodzi. Chokhacho mukafunse ngati anawapimapo hepatitis B, chifukwa tenofovir amagwiranso kachilombo ka chiwindi kameneko ndipo kumusiya kwa munthu yemwe ali nako kumafuna kuyang'anira chiwindi mwatcheru.

Koma achemwali, chimene chandidetsa nkhawa kwambiri mkalata yanu sichomwe achipatala anasintha ayi, ndi chomwe mwina simunawauze, brufen ndi indocid wapagolosale uja. Ndikudziwa mumagula chifukwa cha chikondi, mayi akubuula ndi maondo usiku simungangowayang'ana. Koma mankhwala a gulu limeneli, brufen, indocid, diclofenac, amachepetsa magazi opita ku impso. Nde taonani zomwe zikuchitika mthupi mwa mayi: HCTZ akuchotsa madzi, enalapril akutsitsa mphamvu yomwe magazi amakankhira mu sefa, brufen akubwera kudzatseka mpopi wolowetsa magazi. Zitatuzi zikakumana mwa munthu wokalamba, kuwonjezerapo kutentha kwa mu Okutobala kapena kutsegula mmimba kwa masiku awiri, impso zikhoza kuyima mwadzidzidzi. Amakwezanso BP yomwe mukulimbana nayoyo, komanso amaboola zilonda mmimba, chimbudzi chikamada ngati phula ndi magazi amenewo. Ndipo impso zikafa, makina otsukira magazi mdziko muno ndi ochepa, anthu amadalira zipatala zikuluzikulu ngati Queens ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, kuchoka ku Ntcheu kangapo pa sabata si ulendo woti banja lingaukwanitse mophweka. Brufen ndi indocid uja asiye lero lomwe, ndipo mukawauze adokotala kuti ankamwa kangati, mwina 37 uja akhoza kukwerako akasiya.

Nanga maondo? Panado. Koma nayenso ali ndi malire ake ndipo malirewo amatsata sikelo. Munthu wamkulu wathanzi amaloledwa mpaka mapilitsi 8 a 500 mg patsiku, koma wosafika makilo 50 ngati mayi asapyole 6, owagawa bwino tsiku lonse, ndipo wa vuto la chiwindi kapena womwa mowa kwambiri timamuyika pa 4. Chenjerani ndi mankhwala achimfine chifukwa ambiri ali ndi paracetamol mkati, munthu amapezeka wamwa kawiri osadziwa. Mankhwala opaka pa bondo a diclofenac amalowa mmagazi pang'ono chabe poyerekeza ndi pilitsi, mukhoza kufunsa za amenewo, kuthowa ndi madzi ofunda komanso ndodo yoyendera zimathandizanso kuposa mmene anthu amaganizira.

Chinanso choti banja lonse lidziwe, masiku omwe mayi akusanza, akutsegula mmimba kapena sakutha kudya ndi kumwa, metformin, enalapril ndi HCTZ amayenera kuyimitsidwa kaye mpaka atayambanso kudya ndi kumwa bwino. Mukagwirizane ndi adokotala awo pasadakhale ndipo akulembereni mubuku kuti tsiku limenelo musadzayambe kukangana. Ma ARV okha ndiwo sayima. Ndipo ngati akumwa Bactrim watsiku ndi tsiku monga ambiri a ma ARV, pemphani kuti popima impso azipimanso potassium, chifukwa Bactrim ndi enalapril onse amakweza mchere umenewu ndipo ukakwera kwambiri umasokoneza kagundidwe ka mtima.

Si impso zokha zimasintha. Thupi la wokalamba limakhala ndi madzi ochepa, nde mankhwala ena amakhala ngati mwathira mchere womwewo mu ndiwo zochepa. Ubongo nawo umamva msanga, diazepam yemwe mnyamata amamwa nkudzuka bwinobwino amatha kukhala mthupi la agogo masiku angapo, Piriton ndi amitriptyline amatha kuwasokoneza mutu, kuwawumitsa mkamwa, kuwadzimbira, abambo okalamba mpaka kukanika kukodza. Ndimamva chisoni ndikaona agogo akunenedwa kuti ayamba misala kapena ufiti chonsecho ndi pilitsi latulo lomwe wina anawagawira. A BP nawonso, mayi akamamva chizungulire podzuka pamphasa, akawayeze BP atagona kenako atayimirira, chifukwa munthu wataya makilo 12 mwina safunikanso mankhwala onse omwe ankafuna ali ndi 60. HCTZ amathanso kutsitsa mchere wa mmagazi wotchedwa sodium mwa amayi okalamba nkuwafowoketsa. Mwa okalamba timayamba ndi dozi yaying'ono nkumakweza pang'onopang'ono tikuyang'ana, paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Musatengere apa kuti mankhwala aliwonse a okalamba ndi odula pakati, kumeneko nkulakwitsa kwina koopsanso. LA wa malungo amatsata kulemera, aliyense wa makilo 35 kupita mtsogolo amamwa mapilitsi 4 kawiri patsiku masiku atatu, onse 24, kaya ali ndi zaka 20 kaya 80. A TB nawonso amatsata sikelo ndipo amasinthidwa ndi achipatala okha. Ma antibayotiki ambiri dozi yoyamba imakhala yathunthu olo impso zili zofooka, chomwe timasintha ndi kutalikitsa nthawi ya madozi otsatira. Pali mapilitsi enanso opangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono, olembedwa SR, XL kapena retard, monga nifedipine wina, amenewo mukawaphwanya kapena kuwasinja kuti muthire mphala dozi ya tsiku lonse imalowa nthawi imodzi. Nde kuchepetsa nokha ndi kuwonjezera nokha, zonse ndi msampha.

Tibwerere pa sikelo paja chifukwa sindikufuna tingopadutsa. Kuchoka pa 60 kufika pa 48 si ukalamba chabe, pakufunika kufufuza. Akutsokomola kapena kutuluka thukuta usiku? Apimidwe TB. Viral load yomaliza, kuchuluka kwa kachilombo mmagazi, inali bwanji? Shuga wokwera amawondetsa, metformin wambiri uja amachotsa chilakolako cha chakudya, mano akatha nsima ndi ndiwo zimavuta, kukhumudwa mwa okalamba kumabisala, komanso pali matenda ena ngati khansa omwe sitingawachotse pa mndandanda tisanayang'ane. Ngati adokotala sanafunsepo za kuwondaku, yambitsani inuyo nkhaniyo.

Tsiku la kiliniki lotsatira pitani nawo, ndipo ngati nkotheka amalume apite nawonso akamve okha. Tengani jumbo muyikemo chilichonse chomwe mayi amamwa, a kuchipatala, a pagolosale, omwe mwana wina anatumiza kuchokera ku Joni, ma vitamini, ngakhale mabotolo a zitsamba ndi mizu yonyika. Ine ndikamakhuthula jumbo zotere patebulo ndimapeza zinthu zodabwitsa, timapepala ta mapilitsi tofufutika dzina, enalapril wamitundu iwiri yemwe munthu akumwa onse poganiza kuti ndi mankhwala osiyana, glibenclamide wakale yemwe anachotsedwa koma akadali mkabati. Glibenclamide wa mayi wotsalayo mumuchotse mnyumba, mukamusiye kuchipatala. Za zitsamba musachite manyazi kunena, sitikukuweruzani, kungoti zina zimavulaza impso ndi chiwindi ndipo palibe amene amadziwa mlingo wake. Mukafika funsani momasuka kuti impso za mayi zikusefa bwanji mmanambala, adzapimidwanso liti, ndipo shuga akakwera kufika pati ndi pomwe tibwerere msanga. Paja safunsa anadya phula. Kwa munthu ngati mayi ine ndingafune creatinine abwerezedwe pakatha masabata ochepa atasiya brufen, kenako miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse, ndi mkodzo womwe kuti aone ngati mukutuluka protein.

Nzotheka kuti shuga akwereko masabata akubwerawa poti mankhwala awiri a shuga asinthidwa nthawi imodzi, ndipo amalume adzati mwaona ndimanena ine. Zikatero yankho lake si glibenclamide wa ku famase, ndi kubwerera kuti awonjezere china chogwirizana ndi impso zawo, kaya gliclazide wa dozi yochepa kaya insulin pang'ono, yemwenso mwa munthu wa impso zofooka amayambidwa motsika chifukwa amakhalitsa mthupi. Ngati muli ndi kamakina kopimira shuga, lembani manambala a mmawa asanadye kwa sabata ziwiri mkakope, pambali muzilemba zomwe anadya ndi mmene anadzukira. Koma mukaona mkodzo wachepa kwambiri, miyendo kapena nkhope yatupa, akusanza mosalekeza, akupuma mothamanga kapena akungogona osadzuka bwino, musadikire tsiku lolembedwa mubuku, pezani galimoto tsiku lomwelo ndipo jumbo ija musayiyiwale.